Tambala wa Limbani

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni amalume anga a Kachepa, ndipo mpaka lero ndikamva tambala akulira ndimapezeka ndatsonya. Ndinena mosapsatira, poti iwonso sankadziwa kuzungulira: amalume anali munthu wovuta, wa liuma, ndipo pa zaukhondo ndiye tisayambe n'komwe. Koma amene akundichititsa nseru pamene ndikulemba izi si iwo ayi. Ndi mwana wawo, msuweni wanga Limbani.

Amalume anali mlongo wawo wa mayi anga. Ku Nairobi kuno anabwera ine ndisanabadwe, kudzagwira ntchito yosoka ndi kumata mabuku a nyimbo pamalo ena osindikizira mabuku a mpingo. Atapuma pa ntchito tonse tinkati abwerera ku Ntcheu, kumene tinakaika akazi awo. Anakanitsitsa. Ankati ndege zochokera kutali zimayamba zatera kuno, ndiye akakabisala kumudzi mwana wawo adzavutika kuwapeza. Mwanayo anali mmodzi yekha, Limbani, amene anapita ku Canada kukaphunzira n'kukwatira komweko. Ine nditapeza ntchito ku bungwe lina ku Kilimani, mayi anandilamula kuti Loweruka lililonse ndizikawazonda alongo awo. Ndinkapita ndithu, ngakhale masiku ena ndinkakwera matatu, minibasi za kuno, ndikung'ung'udza.

Ankakhala ku Umoja, m'nyumba yosanja, zipinda ziwiri pamwamba penipeni. Ukangokwera masitepe ena pang'ono umafika padenga la simenti pomwe anthu onse a m'nyumbamo amayanika zovala. Pamenepo m'pamene amalume anamanga khola la nkhuku. Inde, khola, pakati pa mzinda, pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala za eni. Zitosi zinali mbwee, ntchentche ng'waa, ndipo kukagwa mvula fungo lake linkakulonjera uli pansi pa geti. Amayi oyandikana nawo ankalira ndi nsalu zawo zoyera. Woyang'anira nyumbayo, bambo wina wa ku Kakamega dzina lake Wafula, ankakangana nawo pafupifupi m'mawa uliwonse, wina m'Chiswahili, wina m'Chichewa chosakaniza, mpaka onse atopa. Dera lonselo linkawatchula kuti Mzee wa Kuku, kutanthauza nkhalamba ya nkhuku, ndipo iwo ankaliyankha dzinalo monyadira.

Fodya wawo anali wa m'mphuno. Akafwenkha ankayetsemula katatu, n'kupukutira pa kampango kamodzi komwe sindikukhulupirira kuti kanaonapo sopo. Ukawauza ankati mphuno ndi yawo. M'thumba la jekete simunkasowa ulusi wolimba uja wosokera mabuku ndi singano yaikulu. Chilichonse ankachisoka: nsapato, ambulera, chikwama cha kumsika. Ku mapemphero a Amalawi ku Madaraka ankatha kulanda buku la nyimbo m'manja mwa munthu nyimbo ili mkati, poti aona kuti lathothoka msana. Sabata yotsatira ankalibweza lili gwa ngati latsopano, koma limodzi ndi chidzudzulo chakuti munthu wosasamala buku sangasamalenso banja. Ambiri anasiya kukhala nawo pafupi.

Nkhuku za m'sitolo, zoyera zija za m'firiji, sankazilola kulowa pakhomo pawo. Ankati limenelo ndi thonje lonyowa. Ndipo pa nkhani ya nkhuku ya mlendo ndiye anali ndi malamulo ngati a m'buku la Levitiko. Mlendo ayambe waiona ili yamoyo, uli woigwira ndi manja awiri. Akavomera, ndiye kuti yakhala yake, wina aliyense sangaidye iye asanayambe. Iphikidwe yonse, ziwalo zikwane, ndipo nthutumba ikhale pamwamba m'mbale ya mlendoyo. Kum'bisira mlendo nthutumba, ankatero, n'chimodzimodzi kumuuza kuti asadzabwerenso. Tsiku lina mkulu wina wa mpingo anatiitana ku chakudya kwake. Amalume anavundukula mbale, n'kuvundula ndi supuni, osaipeza nthutumba. Anasamba m'manja, n'kutenga chipewa chawo, ulendo. Ine manyazi anandigwira moti ndinkafuna pansi patang'ambika. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani imeneyi yokha Wafula ankagwirizana nawo. Ankati kwawonso nthutumba si ya ana, ndipo mkulu ujayo anachita mwano.

Amalume anamwalira mu Disembala, ndi chibayo. Kunagwa chimvula masana, iwo n'kukwera padenga kukafunditsa khola ndi pepala la pulasitiki, atavala malaya okha. Patatha masiku anayi anakomoka pakhomo, ndipo Wafula yemweyo, mdani wawo wa m'mawa uliwonse, ndi amene anawabereka kumsana kutsika nawo masitepe onse aja. M'khola monsemo munali mutatsala nkhuku imodzi yokha. Kuti mumvetse chifukwa chake nkhalamba inanyowera nkhuku imodzi, ndibwerere m'mbuyo zaka zitatu.

Chaka chimenecho, mu Novembala, Limbani anaimba foni kuti akubwera ku Khirisimasi ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, Chikondi, wa zaka zisanu, amene agogo ake anali asanamuonepo ndi maso. Adzakhala masiku awiri ku Umoja, kenako adzapita kunyanja ku Mombasa kukapuma. Abale inu, amalume anasanduka mnyamata. Anapaka laimu zipinda zonse. Anagula matiresi. Ine anandikolopetsa nyumba mpaka msana kuwawa, ndipo kampango kaja ndinakataya mwakabisira iwo osadandaula. Kenako anasankha tambala wamng'ono wofiira, wa miyendo yachikasu, n'kumupatula. Anzake ankadya madeya, iye ankadya mtedza wosinja ndi mpunga wotsala. Aliyense wokwera padenga ankauzidwa kuti uyu ndi tambala wa Limbani.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, foni inalira. Anali Limbani. Ku Canada kwagwa chipale chofewa choopsa, ndege zonse zaima. Sindikunena kuti linali bodza, ayi. Ndinaona ndekha pa foni: magalimoto atakwiririka mpaka denga, anthu akufukula zitseko za nyumba zawo ndi fosholo, mphepo ikuulutsa zoyerazo ngati ufa pachigayo. Ndinalakwitsa kuwaonetsa amalume. Munthu amene kuzizira kwake kwakukulu kunali kwa Juni ku Ntcheu anagwira foniyo n'kuiyang'anitsitsa.

"Enelesi, anthu amapuma bwanji m'menemu?" anandifunsa.

"Ali m'nyumba, amalume. Nyumba zawo n'zotentha."

"Nanga kamwana kaja? Kakatuluka kukwiririka osaoneka?"

Tsiku la Khirisimasi anaimirira pakati pa mapemphero ku Madaraka, munthu amene sankapempha kanthu kwa wina aliyense, n'kupempha mpingo kuti upempherere mwana wawo amene watsekeredwa ndi chipale. Sanathe kumaliza. Amayi a mvano anayambitsa nyimbo kuti awaphimbe. Titabwerera ku Umoja anadya nyemba. Ndinawapempha kuti tiphe ina mwa nkhuku zinazo, iwo anati sangatafune nyama mwana wawo ali m'dzenje.

M'mawa mwake uthenga wa Limbani unabwera, koma unabwera kwa ine, osati kwa bambo ake. Njira yatseguka, afika mawa cham'mawa. Koma poti chipale chadya masiku awiri, ku Umoja safikako. Akatera adzadikira maola asanu, n'kukwera ndege ya ku Mombasa. Pobwerera adzangodutsa. Ndiwafotokozere adadi bwinobwino.

Ndinamuimbira pompo.

"Asuweni, kunyanja mukakhala masiku angati?"

"Eyiti."

"Ndiye chipalechi chinasankha masiku a bambo ako okha? A kunyanja sichinawaone?"

"Enelesi, zakuhotelo sizisinthika. Sungamvetse."

"Chabwino. Maola asanu aja? Kuchokera ku bwalo la ndege kufika ku Umoja ndi pafupi, iwenso ukudziwa."

Anayamba za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu, za kutopa kwa mwana. Kenako anatulutsa chenicheni. Anati nyumba ija amaidziwa, ndi nkhuku zija mwana akhoza kutengako matenda. Asa! Nyumba imene anakuliramo iyeyo, mazira a nkhuku zomwezo ndi amene anamukulitsa mpaka kukakwera ndege. Ndinadula foni ndisanatukwane.

Amalume nditawauza anayang'ana matiresi atsopano aja ali m'pepala lake. Ndinkayembekeza mkuntho. M'malo mwake anangoti mlendo ndi mame, ukachedwa umapeza wauma, ndiye ngati mlendo sangafike pakhomo, pakhomo padzapita pomwe pali mlendo. Sindinamve chimene ankatanthauza mpaka m'mawa, nditawapeza atavala suti yawo yakuda ya pa ukwati, tayi ali pakhosi, akumanga miyendo ya tambala ndi ulusi wosokera mabuku. Pambali panali katoni yoboolaboola.

"Amalume, chonde. Ku bwalo la ndege sapita ndi nkhuku."

"Analemba pati?"

"Anthu akatiseka."

"Akaseke. Mano ndi awo."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Dzuwa la Disembala linali litakwera kale, galimoto yahayala inali yotentha, ndipo tambala, kaya ndi mantha kaya ndi mtedza uja, anatsegula m'mimba. Katoni inanyowa pansi. Woyendetsa anatsitsa magalasi onse akudandaula m'Chiswahili, ine nditatseka mphuno ndi mpango. Amalume anali ataiika katoniyo pamiyendo, pa suti yomweyo, ali phee ngati anyamula Baibulo. Pa chipata, pomwe anthu amatsika kuti asechedwe, msilikali anasuzumira m'katoni n'kufunsa kuti, "Mzee, hii ni nini?" Iwo anayankha kuti ndi nkhuku ya mlendo. Msilikaliyo anaseka, anaitana mnzake, naye anaseka, kenako anatiuza kuti tisalowe nayo m'nyumba, tikaime panja.

Tinaima panja pamenepo mpaka anatulukira. Limbani anali atanenepa, atavala kabudula ndi nsapato zoyera mbee, akukankha ngolo ya masutikesi. Amalume anaika katoni pansi n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya, akungoti, "Wapulumuka, mwana wanga, wapulumuka." Mkazi wake, mzungu wamtali wofatsa, anawerama pang'ono n'kunena "Muli bwanji" amene anachita kuphunzira. Kamwana kanabisala kumbuyo kwa mayi ake. Mpaka pamenepo zinthu zinali bwino.

Kenako amalume anatsegula katoni.

"Dadi, n'chiyani chimenecho?"

"Ndiwo zako, mwana wanga. Uzione."

Anamutulutsa tambala uja, n'kumunyamula ndi manja awiri, atawerama pang'ono monga amachitira munthu polemekeza mlendo wamkulu. Bambo wa imvi kuweramira mwana wobala yekha. Tambala anakupiza mapiko, nthenga zinauluka, ndipo kachitosi kamodzi kanagwera pa nsapato yoyera ija. Anthu anayamba kuima. Ena anatulutsa mafoni. Chikondi anatuluka kumbuyo kwa mayi ake maso ali mwaa, n'kutambasula kadzanja, n'kusisita tambalayo pakhosi. Nkhope ya amalume nthawi imeneyo, Mulungu ndi mboni, sindinaionepo chotero.

Limbani anamukoka mwanayo. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala opaka m'manja, n'kumutikita zala chimodzichimodzi. Zimenezo ndikanamukhululukira, mwana ndi mwana. Koma atamaliza anathiranso m'dzanja lake lamanja, lija bambo ake anali atangoligwira, n'kulipukuta bwinobwino mpaka m'mipata ya zala, bambo akewo akuona.

"Dadi, mukundichititsa manyazi," anatero chapansipansi. "Bwezerani m'katoni. Kuno si kumudzi."

"Koma waiona?"

"Ndaiona, ndaiona. Tidzadya ulendo wina."

Anapukuta nsapato yake. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa mphatso ya Khirisimasi: chipewa chaubweya ndi magolovesi, zoonekeratu kuti anazitola m'sitolo ya pa bwalo la ndege kwawoko ali pa mzere. Magolovesi, ku Nairobi, dzuwa likuswa mtengo! Sanakhale nafe ngakhale theka la ola. Anati akuyenera kukapereka katundu, ngakhale tonse tinkadziwa kuti kwatsala maola anayi. Mkazi wake anacheuka kawiri, nkhope itafiira. Limbani sanacheuke. Ine malovu anadzaza m'kamwa, ndipo si chifukwa cha katoni ija.

Pobwerera ndinayamba kumunyoza, koma amalume anandiletsa. Anati mlendo waiona nkhuku yake ndipo wanena yekha kuti adzadya ulendo wina. Basi, nkhani yatha. Tambala ndi wa Limbani.

Ndiye anakhaladi wa Limbani, zaka zitatu zathunthu. Sankaphedwa, sankagulitsidwa, sankabwerekedwa. Anakula n'kukhala chinthu chaukali, cha zikhadabo zokhota, cholira nthawi iliyonse chikafuna. Chinajompha mwana wa oyandikana nawo, Wafula n'kulumbira kuti achipotokola khosi. Chaka chachiwiri kunabwera chitopa n'kupulula khola lonse. Amalume anamutsitsa tambala wawo n'kumusunga m'bafa, kenako m'chipinda chomwe munali matiresi a alendo aja, ndipo padapita miyezi asanamubwezere m'khola. Musandifunse za fungo. Utitiri unalowa m'mipando, ndinkachoka kumeneko ndikudzikanda mpaka ku ofesi Lolemba. Khirisimasi iliyonse Limbani ankatumiza zithunzi za ana a chipale amene amaumba pabwalo ndi Chikondi, ndi mawu akuti chaka chamawa. Amalume ankavala chipewa chaubweya chija, thukuta lili kamukamu, kuti ndiwajambule ndimutumizire.

Loweruka lina zinandikwana. Ndinaponda zitosi pakhomo la chipinda, nditavala nsapato zanga zatsopano, ndipo ndinakalipa.

"Amalume, tiyeni tiphe chinthu ichi! Limbani sabwera. Simukuona? Sabwera!"

Anafwenkha fodya wawo, anayetsemula katatu, n'kundiyang'ana.

"Enelesi, mphwanga, ndasoka mabuku moyo wanga wonse. Ukuganiza kuti kuwerenga sindidziwa? Dzanja lija ndinaliona akulipukuta."

"Nanga mukuvutikiranji?"

"Ndikamupha ndekha tambalayu, ndiye kuti ndavomera."

Ndinatenga tsache ndi madzi n'kuyamba kukolopa.

Amalume atamwalira, Limbani anafika pasanathe masiku awiri. Unali Disembala womwewo, nyengo ya chipale kwawoko, koma ulendo uno njira inapezeka. Anafikira ku hotelo ku Kilimani. Pamene tinkadikira mapepala oti tinyamule maliro kupita ku Ntcheu, anati abwera ku Umoja masana ena kudzaona zoti zitayidwe. Mawu ake anali amenewo, zoti zitayidwe.

Ndinalawirira. Atafika, ndinakwera padenga, ndinamugwira tambala uja akundikanda mikono, ndinatsika naye n'kumuonetsa ndi manja awiri, monga amalume akanachitira. Limbani anali pa foni. Anangokweza chala n'kugwedeza mutu. Wafula ndi amene anagwira mpeni. Asanadule anavula chipewa chake, munthu amene kwa zaka zitatu ankalumbira kuti adzachita zimenezi mokondwa. Ndinasosola, ndinawamba, ndinaphika pa mbaula maola atatu, nyama ikukana kufewa.

Limbani anakhala pa mpando wa bambo ake, atayamba waupukuta. Anatenga ntchafu. Anatafuna, anatafunanso, kenako analavulira m'kapepala.

"Asuweni, nkhuku imeneyi mwaitenga kuti? Ngati ndikutafuna tayala."

"Ndi yako ija," ndinatero. "Yakudikira zaka zitatu."

Anandiyang'ana, nkhope ili yeretsete, mopanda chinyengo chilichonse.

"Yanga iti?"

Abale, ndikanakonda akananama. Ndikanakonda akanapsa mtima, kapena kundiuza kuti ndisamuweruze. Koma anali ataiwala, kuiwaliratu. Ndinanyamuka n'kulowa kukhitchini chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanasanza m'mbale. Nthutumba ndinali nditaipatula kale pa kambale kena. M'mbale ya Limbani simunali, ndipo sanaifunse n'komwe. Ndinatsika nayo pansi kwa Wafula. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine, ndipo anamva popanda kumuuza. Anasamba m'manja, anakhala pansi pa sitepe yomaliza, n'kuidya pang'onopang'ono.

Loweruka lapitali ndinakwera matatu a ku Umoja, mwina chifukwa miyendo inazolowera. M'zipinda muja mukukhala banja lina, aika makatani a maluwa. Wafula ananditsegulira chitseko cha padenga n'kundisiya ndekha. Khola analiphwasula kalekale. Simenti anaikwecha mpaka kuyera, ndipo nsalu za amayi aja zinali pa zingwe, zoyera bwino, popanda wozidetsa. Pakona pomwe panali khola patsala msomali umodzi kukhoma, ndipo pa msomalipo pakadali kachidutswa ka ulusi wosokera mabuku, komangidwa mfundo ziwiri, pomwe ankamangirira tambala akamatsuka khola. Ndinayesa kukadula ndi zala, kanakana.

Ndiye ine, Enelesi, amene ndinatha zaka ndikutseka mphuno pa denga limenelo, ndinapezeka ndaima pakona paja ndikununkhiza ngati galu, kufunafuna fungo lija. Panalibe. Pankangomveka sopo.